Kanema woonera m'galimoto akadalipo: yankho kwa mayi wa ku South Bend

Funso: "Ndimakhala ku South Bend, ku Indiana, ndi bambo a kunyumba ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 11, wamng'ono wa zaka 4. Mayi anga abwera kuchokera ku Zomba ndipo akhala nafe mpaka Sepitembala. Mwana wanga wamkuluyo anamva kusukulu za malo oonera kanema muli m'galimoto, otchedwa drive-in, ndiye sakutipumitsa. Anzanga akuntchito akuti zimenezo zinatha kalekale. Kodi malowa alipobe? Ndingawapeze bwanji? Nanga n'koyenera kupitako ndi ana ang'onoang'ono ndi munthu wachikulire?"

Amayi, anzanu akuntchitowo sananame, angokokomeza. Ma drive-in ambiri anathadi. Mu 1958 m'dziko la America munali malo otere opitirira 4,000, lero atsala cha m'ma 300. Koma otsalawo sanamwazikane mofanana dziko lonse. Achulukira m'zigawo zochepa, monga New York, Pennsylvania, Ohio, California ndi Indiana wanu yemweyo. Munthu wokhala ku South Bend akamadandaula kuti akusowa drive-in ali ngati wa ku Nkhotakota wodandaula usipa. Ine ndayenda m'malo amenewa zaka zambiri, poyamba ndi ana anga, tsopano ana atakula ndimapita ndi aliyense amene wavomera kukwera, ndipo ndaona kuti chimene chimagwetsa mabanja mphwayi si kusowa kwa malo ayi. N'zinthu ziwiri: kupita kumalo amene anatsekedwa kale chifukwa chokhulupirira mndandanda wakale, ndi kusawerengera nthawi imene mdima umagwa. Mukakonza ziwirizi, zotsalazo n'zazing'ono.

Ndiyambe ndi mmene mungawafotokozere agogo, popeza mawu oti drive-in sawauza kanthu. Auzeni kuti ndi kanema wa pabwalo, ngati uja ankabwera naye a galimoto ya boma m'masiku akale, n'kukoloweka chinsalu pabwalo la sukulu mudzi wonse n'kusonkhana dzuwa litalowa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chinsalucho ndi chikhoma chachitsulo chotalika ngati nyumba yosanja kanayi kapena kasanu, chokhala pomwepo chaka ndi chaka, ndipo m'malo mwa mkeka aliyense amabwera ndi galimoto yake. Mumalipira pa geti musanatsike, mumasankha poima, ndipo mawu a filimuyo mumawamvera pa wailesi ya m'galimoto mwanu.

Amene anayambitsa zimenezi ndi Richard Hollingshead, wa ku Camden, New Jersey. Anayesa kaye pakhomo pake, atakhomera nsalu pamitengo n'kuika makina oonetsera filimu pa boneti ya galimoto, kenako anatsegula malo oyamba pa 6 Juni 1933. Nzeru yake yeniyeni sinali chinsalucho koma nthaka. Anaumba mizere ya timitumbira kuti matayala akutsogolo akakwera pamenepo, galimoto iziyang'ana m'mwamba pang'ono, ndipo ya kutsogolo isatchinge ya kumbuyo. Timitumbira timeneti mukatipeza mpaka lero. Mukafika, musaime pansi pake kapena kutsetserekera kuseri kwake. Kwezani matayala pang'onopang'ono, wina wokhala mpando wakumbuyo azikuuzani pamene chithunzi chonse chalowa m'galasi.

Kuti mudziwe kofunafuna, muyenera kudziwa chimene chinapha enawo. Anthu amakonda kunena kuti ndi TV ndi mavidiyo a m'nyumba, ndipo n'zoona kuti zimenezo zinachotsa makasitomala. Koma chimene chinamaliza ambiri ndi mtengo wa malo. Drive-in imafuna bwalo lalikulu kwambiri, losalala, loyandikana ndi msewu waukulu. M'zaka za m'ma 1950 malo otere anali otchipa, kunja kwa tauni. Matauni atakula anawameza, ndipo mwini wake akaona kuti bwalo limene limamubweretsera ndalama usiku wokha, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pa chaka, akuligula ndi ndalama zoti sangazipeze ngakhale atagulitsa matikiti moyo wake wonse, ankagulitsa. Pamene panali sikirini lero pali masitolo akuluakulu ndi nyumba. Sizinachitike ku America kokha. Achimwene athu amene anakhalitsa ku Johannesburg amakumbukira Top Star, drive-in imene inali pamwamba pa chulu cha dothi lochokera mu mgodi, mzinda wonse ukuoneka m'munsi. Inatsekedwa mu 2006 ndipo chulucho anachigumula kuti asefenso golide amene anatsalamo. Nthaka inali ndi mtengo kuposa kanema.

Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti musataye nthawi kufunafuna m'kati mwa mizinda ikuluikulu. Ilipo yochepa imene inapirira m'mizinda, monga Tibbs ku Indianapolis ndi Ford-Wyoming ku Dearborn pafupi ndi Detroit, koma yambiri ili m'mbali mwa timatauni ting'onoting'ono, pakati pa minda ya chimanga ndi soya, kumene palibe amene akulimbirana malo.

Panabweranso mliri wachiwiri cha m'ma 2013. Makampani opanga mafilimu anasiya kutumiza mafilimu pa tepi zija zokulunga za 35mm n'kuyamba kutumiza pa makina a digito. Drive-in iliyonse inayenera kugula makina atsopano, a madola pafupifupi 70,000 kapena kuposerapo pa sikirini imodzi, chifukwa kuponya chithunzi chowala pamtunda wautali chotero kumafuna makina amphamvu. Kwa banja loyendetsa bizinesi ya miyezi yochepa pa chaka, ndalama zimenezo n'zambiri zedi. Ena anasonkherana ndi anthu a m'dera lawo, ena anathandizidwa ndi kampeni imene kampani ya Honda inachita chaka chimenecho, ena anangotseka. Ndiye mndandanda uliwonse wolembedwa chisanafike chaka chimenecho uli ndi maina ambiri a akufa. Ndipo mu 2020, nthawi ya Covid, zinthu zinasokonekera mbali ina: poti nyumba za kanema zinali zotseka, anthu anayamba kuimika masikirini ongoyembekezera m'malo oimika magalimoto, Walmart nayonso inachita zimenezi m'masitolo ake ambiri. Zambiri mwa izo zinatha chaka chomwecho, koma masamba ake a pa intaneti akadali pompo, ngati chikwangwani cha golosale imene inatsekedwa mwini wake atasamuka.

Ine zinandionekera. Chaka china ndinanyamula banja lonse, mabulangete, mipando, ana atavala kale zogonera, kutsatira nkhani ina yokoma imene ndinawerenga yotamanda drive-in ya m'tauni ina. Sindinayang'ane tsiku limene nkhaniyo inalembedwa. Tinayenda ola ndi theka. Tikufika, chikwangwani cha pamsewu chinalipodi, zilembo ziwiri zitatsalira pamenepo, zinazo zitagwa. Geti linali lomanga ndi tcheni, udzu wofika m'chiuno, ndipo pakati pa bwalo panali mitengo yoti inamera zaka zingapo zapitazo. Sikirini inali chiimire, mbalame zikutuluka pamene malata anang'ambika. Mwana wanga wamng'ono anafunsa kuti, "Filimu iyamba nthawi yanji?" Tinabwerera, n'kukagula ayisikilimu pa filing'i siteshoni kuti mlandu uchepe. Kuyambira tsiku limenelo sindinyamuka ndisanaone dzina la filimu ya sabata imeneyo ndi maso anga.

Kafufuzidwe kake ndi aka. Poyambira pabwino ndi bungwe la eni malowa, United Drive-In Theatre Owners Association, limene lili ndi mndandanda wa mamembala ake, ngakhale si onse amene analowa bungweli. Palinso DriveInMovie.com, imene imasanja malowa chigawo ndi chigawo, ndi Cinema Treasures, imene imasunga mbiri ya nyumba za kanema zamoyo ndi zakufa zomwe, choncho kumeneko muziyang'ana ngati alemba kuti ndi yotsegula. Mukafunsa Google Maps, lembani mawu onse atatu, "drive-in theater". Mukangolemba "drive-in" ikupatsani malo odyera a Sonic ndi ena ogulitsa mabega, anawo n'kusangalala pa zifukwa zolakwika. Mukapeza dzina, sinthani mapuwo kuti muone chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Drive-in imaoneka ngati chipepeso cha mlaza, mizere yokhota ikuyang'ana malo amodzi, kanyumba kali pakati. Mizereyo ikaoneka yoyera, mwina ili moyo. Ikaoneka yobiriwira ndi tchire, iwalani.

Koma mndandanda, ngakhale wabwino chotani, umangokuuzani kuti malowo analipo tsiku limene wolembayo anafufuza. Umboni weniweni ndi umodzi: kodi alengeza mafilimu a Lachisanu likudzali? Eni ma drive-in ambiri ndi mabanja, ndipo mawebusayiti awo nthawi zina amakhala achikale, koma pa Facebook amalemba sabata iliyonse, kawirikawiri pakati pa sabata, akagwirizana ndi ogawa mafilimu. Mukaona kuti zimene analemba komaliza n'za chaka chatha pamene tili mu Julaye, pali vuto. Ambiri alinso ndi nambala ya foni imene imayankha ndi mawu ojambulidwa, otchula mafilimu, nthawi yotsegula geti ndi mtengo. Imbani. Tsiku lonyamukalo yang'ananinso masana, chifukwa ngakhale mvula wamba siimitsa filimu, mphepo yamkuntho ndi ziphaliwali za kuno zimaimitsa, ndipo chimphepo chikagwetsa sikirini malo amatha kutseka nyengo yonse.

Tsopano maina oti muyambire. Yapafupi nanu ndi Tri-Way, ku Plymouth, mukatsika chakummwera ndi msewu wa US 31, ulendo wa theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Ili ndi masikirini angapo, choncho mwayi wopeza filimu ya ana ndi waukulu. Chakumadzulo kuli 49er ku Valparaiso, ndi Melody ku Knox. Mukawoloka malire kulowa Michigan kuli 5 Mile ku Dowagiac, ndipo mukapitirira chakum'mawa mu US 12 mufika ku Capri, ku Coldwater, imene yakhala ikuonetsa mafilimu kuyambira 1964. Onsewa muwayese ndi muyeso womwe uja wa filimu ya sabata ino. Kwa ulendo woyamba ndi mwana wa zaka 4 ndi agogo, ine ndingasankhe yapafupi, osati yotchuka. Kupita n'kosavuta, dzuwa lili pamwamba, aliyense akuimba. Ntchito ili pobwerera, pakati pa usiku, onse m'galimoto ali mtulo kupatula woyendetsa.

Tsiku lina mukadzakhala pa ulendo wa kum'mawa, kuli malo atatu oyenera kupatukirako. Shankweiler's ku Orefield, Pennsylvania, inatsegulidwa mu 1934, chaka chimodzi chokha pambuyo pa ya Hollingshead, ndipo ndiyo yakale kwambiri mwa zonse zimene zikugwirabe ntchito. Mahoning, pafupi ndi Lehighton m'chigawo chomwecho, inakana kutaya makina ake akale ndipo imaonetsabe mafilimu akale pa tepi za 35mm, koma zambiri za kumeneko n'za akuluakulu okonda zoopsa, si za ana. Bengies, pafupi ndi Baltimore, imanyadira sikirini yake yaikulu kwambiri ndipo imadziwikanso ndi malamulo okhwima. Koma imeneyo ndi nkhani ya chaka china.

Tibwere ku nkhani ya mdima, imene ndikufuna muimvetse bwino chifukwa ndiyo imasokoneza ife ochokera kumudzi. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, likasintha ndi pang'ono chabe. Kanema wa pabwalo uja ankayamba anthu atangodya nsima. Ku South Bend kumapeto kwa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9:20 usiku, chifukwa muli kumpoto, muli kumapeto chakumadzulo kwa dera lotsatira nthawi ya Eastern, komanso mawotchi amakankhidwa ola limodzi kutsogolo m'nyengo yotentha. Drive-in singayambe kunja kukuwala, chithunzi sichioneka. Choncho mu Juni ndi Julaye filimu yoyamba imayamba cha m'ma 9:30 kapena kupitirira, n'kutha 11 koloko itadutsa kale. Ndipo mwambo wa malowa ndi woti tikiti imodzi ndi ya mafilimu awiri otsatizana. Yachiwiri imatha cha m'ma 1 koloko kapena 2 koloko m'bandakucha usanafike.

Wina akuuzani kuti pitani ku Valparaiso, kumeneko filimu imayamba msanga. Pa wotchi n'zoona, chifukwa Valparaiso ndi Knox amatsatira nthawi ya Central, yotsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi yanu. Koma dzuwa ndi lomwelo, ndipo thupi la mwana silidziwa za Central. Akamati filimu iyamba 8:40 kumeneko, kwa mwana wanu ndi 9:40, ndipo pobwerera ola lija mulibweza. Chimene muyenera kusamala n'chakuti musasokoneze nthawi yotsegula geti, mungafike ola lathunthu geti lisanatsegulidwe n'kumaotcheka padzuwa.

Poti agogo alipo mpaka Sepitembala, malangizo anga ndi oti mudikire kumapeto kwa Ogasiti. Nthawi imeneyo dzuwa limalowa cha m'ma 8:20, filimu yoyamba imatha nthawi yoti munthu n'kuyendetsa galimoto maso ali gwa, kutentha kwachepa, ndipo anthu sachuluka ngati mu Julaye. Musadikire kwambiri, chifukwa malo ambiri a kuno kumpoto amatsegula cha mu Epulo kapena Meyi, amaonetsa masiku ambiri pa sabata ana akakhala pa holide, kenako sukulu zikatsegulidwa amabwerera ku Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ena amatseka tchuthi cha Labor Day chikangodutsa, kumayambiriro kwa Sepitembala. Mwana wamng'onoyo mugoneke masana. Ndipo gwirizanani muli kunyumba kuti muonera filimu yoyamba yokha. Palibe amene akuletseni kutuluka pa nthawi yopuma, magalimoto ambiri a mabanja amatuluka nthawi yomweyo. Mukapanda kugwirizana, mlandu wa wamkulu wa zaka 11 uja mukauweruza pakati pa usiku.

Pali chifukwa chinanso chotulukira msanga. Filimu yachiwiri nthawi zambiri imakhala ya akuluakulu kuposa yoyamba. Yang'anani zilembo za mafilimu onse awiri: G ndi PG n'zoyenera ana, PG-13 muganizire kaye, R si ya ana. Kumalo okhala ndi masikirini angapo, mwana akatembenuka amatha kuona sikirini ina ngakhale mawu ake sakuwamva, choncho posankha poima onani chimene chikuonekera pa windo la m'mbali. Nkhani imeneyi ndi ya agogonso. Palibe chochititsa manyazi ngati kukhala m'galimoto imodzi mpongozi, mkamwini ndi ana, pa chikhoma chotalika ngati nyumba yosanja anthu n'kuyamba kupsompsonana. Bambo a kunyumba adzasowa poyang'ana. Sankhani makatuni kapena filimu ya nyama, imene nkhani yake imamveka ndi maso ngakhale Chingerezi cha ku America chikuthamanga, popeza mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi sapezekapezeka m'malo amenewa.

Za wailesi ndi batire. Kale pambali pa galimoto iliyonse pankakhala mtengo wachitsulo wokhala ndi sipika yokoloweka pa windo. M'malo ena mitengoyo ikadalipo, koma ntchito yake tsopano ndi yosonyeza poima: magalimoto awiri pakati pa mitengo iwiri, osati imodzi kutenga malo onse. Mawu amabwera pa FM, pa nambala imene akuuzani pa geti, ndipo mphamvu yake imathera m'bwalo momwemo. Pulogalamu ya wailesi ya pa foni, yodalira intaneti, siigwira. Mungagwiritse ntchito wailesi ya m'galimoto injini ili yozima, koma magalimoto amakono oliza ndi batani amazimitsa okha wailesi pakapita mphindi zingapo, ndipo nthawi iliyonse mukayatsanso, nyali zimawalira anzanu a kutsogolo. Batire likakhala lofooka, maola awiri ndi okwanira kulimaliza. Malo ambiri amakhala ndi zingwe zodzutsira batire chifukwa usiku uliwonse pamakhala wina wotsalira, koma si zosangalatsa kudikira bwalo likuthera anthu. Njira yabwino ndi kawailesi ka mabatire, ngati kaja agogo amamvera uthenga wa maliro ndi mpira kumudzi. Gulani kamodzi, ikani mabatire atsopano, tengani ena apadera. Malo ena amabwereketsa mawailesi pa ndalama yochepa, koma amatha msanga.

Usiku umodzi musanapite, tulukani panja ndi bambo muyese galimoto yanu mumdima. Funani mmene mungazimitsire nyali zonse, kuphatikizapo zija zimayaka zokha injini ikalira. Pa magalimoto ena zimazima mukakoka handibuleki musanalize injini, pa ena pali pozimitsira m'makonzedwe a pa sikirini ya kutsogolo, buku la galimotoyo likuuzani. Zikakanika, tengani makatoni ndi tepi muphimbe. Nyali ndiye tchimo lalikulu pa drive-in, anthu odekha a ku Indiana amaliza mahutala chifukwa cha zimenezi. Komanso musasiye injini ikulira kuti muzizizira kapena kufunda. Utsi wake umapita kwa banja limene lakhala pa mipando kumbuyo kwanu, ndipo ungalowenso m'galimoto mwanu momwemo.

Ngati muli ndi minivani kapena galimoto yaitali, akuuzani kuti muime m'mizere ya kumbuyo kapena ya m'mbali kuti musatchinge ena. Musakhumudwe, sikirini ndi yaikulu. Mabanja ambiri amaimika chobwerera, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo, kugwetsa mipando, kuyala matiresi, ana n'kugona chafufumimba akuyang'ana sikirini. Chitsekocho chisakwere kupitirira denga la galimoto, ndiye tengani kachingwe kochimangira. Yang'ananinso kanyali ka m'buti, kamene kamayaka chitseko chikakhala chotsegula, n'kumadya batire mwakachetechete. Agogo musawaike pa matiresi. Atengereni mpando wopinda wokhala ndi potsamira ndi poika manja, muuike pafupi ndi galimoto, mbali yoyang'ana sikirini, kapena akhale mpando wakutsogolo m'galimoto momwemo ngati mwaimika choyang'ana sikirini. Ndipo imani pafupi ndi kanyumba ka pakati kaja, chifukwa zimbudzi zili kumeneko. Kuyenda pa miyala mumdima, kudumpha timitumbira, ndi mwana amene wapanikizika kapena munthu wa mawondo ovuta, ndi ulendo wautali. Tochi ikhale m'thumba, yoloza pansi.

Fikani msanga, ola limodzi kapena kuposa filimu isanayambe, makamaka Loweruka kapena filimu ikakhala yatsopano. Nthawi imeneyo si yotayika, ine ndimaiona ngati ndiyo yokoma kuposa filimuyo. Pansi pa sikirini nthawi zambiri pamakhala kapinga, penanso makatungwe, ndipo ana osadziwana amayamba kuthamangitsana ngati anakulira limodzi. Tengani mpira. Dzuwa likamalowa kuseri kwa minda, ziphaniphani zimayamba kutuluka m'udzu, makamaka mu Juni ndi Julaye. Udzudzu nawonso umatuluka. Wa kuno si wodetsa nkhawa ya malungo ngati wa ku Chilwa, koma kuluma umaluma ndithu, choncho mankhwala opaka musaiwale. Ndipo ngakhale masana kutenthe bwanji, ikamakwana 10 koloko mame amagwa ndipo kumazizira. Juzi aliyense, bulangete, ndi zitenje ziwiri zitatu, zimene zimagwira ntchito zonse: kufunda, kuyala, kutchinga kuwala pa windo mwana akagona.

Tsopano nkhani ya chakudya, imene ndikudziwa kuti ikukhudzani, chifukwa ife sitiyenda chimanjamanja. Maganizo oyamba a mayi aliyense wa kwathu ndi kuphika mpunga ndi nkhuku, kukazinga mandasi, kudzaza fulasiki ya tiyi. Musanayatse moto, werengani malamulo a malowo. Ena amalola chakudya chochokera kunja, ena amaletseratu, ena amakugulitsani chilolezo pa geti cha madola angapo pa galimoto. Mbaula ndi zootchera nyama ndiye pafupifupi kulikonse n'zoletsedwa, mowanso m'malo ambiri saulola. Poyamba lamulo limeneli linkandinyansa, ndinkaliona ngati umbombo. Ndinasintha maganizo nditamvetsa mmene ndalama zimayendera. Pa tikiti imene mwagula, gawo lalikulu limapita kwa eni filimu, makamaka ikakhala yatsopano. Zolipira magetsi, antchito, msonkho wa bwalo lonselo ndi ngongole ya makina aja zimachokera pa mbuliwuli, tchipisi, mabega ndi zakumwa za m'kanyumba kaja. N'chifukwa chake pakati pa mafilimu awiri amaonetsa timakatuni takale ta zakudya zovina, tokukumbutsani kuti mukagule. Banja lobisa chakudya pansi pa mpando likuthandiza kuti chaka chamawa pakhale tcheni pa geti.

Chimene ndimachita ine ndi ichi. Timadya nsima kunyumba tisananyamuke, kuti pasakhale wanjala yeniyeni. Kumeneko timagula mbuliwuli chidebe chachikulu ndi zakumwa, ndipo ana amapita okha pa mzere ndi ndalama m'manja, zimene kwa iwo ndi theka la chisangalalo. Ngati malowo amagulitsa chilolezo, ndimagula kuti tiyi wa achikulire alowe mwaulemu. Gulani filimu isanayambe kapena ili m'kati, chifukwa pa nthawi yopuma mzere umafika panja. Tenganinso ndalama za m'manja. Ambiri tsopano amalandira khadi, koma alipo amene pa geti amafuna kashi, ndipo pakati pa minda simupeza ATM pafupi. Za mtengo wolowera, malo ambiri amawerenga mitu, ana amalipira zochepa ndipo ang'ono kwambiri kawirikawiri salipira, pamene ena ali ndi masiku olipiritsa galimoto yonse mtengo umodzi. Inu muli asanu ndi mmodzi, ndiye tsiku lotero ndi lofunika kulifunsa. Zoonetsedwa m'mafilimu akale zobisa anthu m'buti kuti alowe ulere, mwana wanu wamkuluyo akazitchula, muuzeni kuti eni malo anazidziwa iye asanabadwe.

Mwafunsa ngati n'koyenera kupita ndi mwana wamng'ono. Ine ndimaona kuti drive-in ndiyo kanema yekhayo woyenera mwana wa zaka 4. M'nyumba ya kanema akalira, holo yonse imakutembenukirani. Kuno mumangotseka mawindo. Akafunsa mafunso makumi awiri, amamva ndi inu nokha. Akagona, wagona pake. Agogonso angathe kufunsa kuti "ameneyu ndi m'bale wake wa uja?" ndipo mdzukulu n'kuwamasulira mokweza popanda wowatsonya. Choopsa chenicheni n'chimodzi: magalimoto oyenda mumdima nyali zili zozima. Filimu ikayamba, mwana asachoke pambali pa galimoto popanda wamkulu, ndipo asagone pansi pakati pa mizere, pamene woyendetsa sangamuone.

Potuluka, longedzani zonse filimu isanathe kwenikweni, werengani ana, ndipo wamng'onoyo mumumangirire mu mpando wake ngakhale ali mtulo tofa nato, musamusiye pa matiresi paja poti ulendo ndi waufupi. Yendani pang'onopang'ono ndi tinyali tating'ono mpaka mutadutsa mzere womaliza, kenako yatsani zonse. M'misewu ya kumidzi ya Indiana ndi Michigan usiku mumadumpha agwape, ndipo mukaona mmodzi wawoloka, chepetsani liwiro chifukwa anzake amakhala akubwera m'mbuyo. Woyendetsa pobwerera akhale amene anagonako masana, ndipo tiyi wotsala mu fulasiki muja ndi wake.